Vimbuza Zodikira Galimoto ya ku Joni

Uthenga unandipeza m'chigafa ndikusoka fodya. Mkamwana wanga NyaTembo, mkazi wa mwana wanga wamwamuna, anabwera chothamanga, khanda likugwedezeka kumsana, mpango utagwera m'khosi. Mwana wamwambo ngati ameneyu, tsikulo sanagwade n'komwe. Anangoima pakhomo la chigafa, wefuwefu, n'kunena kuti, "Amama, adada akuvina kukhola!"

Ndinataya singano, ndinataya fodya, nthungululu inatuluka yokha. Akuvina a Zgambo, akuvina amuna anga, akuvina eee! Ndinathamanga ine, nkhalamba ya mawondo olira, nkhuku zikubalalika m'njira.

Koma inu owerenga, musaone kusekaku n'kuyesa kuti mtima wanga waphwa. Ndikuseka ndi tsaya limodzi, linalo ndatupa nalo. Ndakwiyira amuna anga, ndakwiyira alamu anga, ndakwiyira mwana wanga wa ku Joni, ndipo pakamwa pangapa ndapakwiyiranso, chifukwa mpomwe panatuluka mawu oitanitsa mapiritsi amene anatsala pang'ono kundisandutsa namfedwa. Sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene ndaona ndi maso angawa ndikuuzani, kuti zisakugwereni.

Ine kwathu ndi kumalire a Kasungu, kuno kumwera kwa Mzimba ndinabwera ndi ukwati. A Zgambo ndinawaona koyamba akuvina ingoma, chishango kumanzere, chibonga kumanja, akaponda pansi fumbi kumachita kufika m'chiuno. Ndi munthu wolongolola, wovuta pa chambiko, uja mkaka wowawasa. Chikachepa mphamvu amakubwezera. Ng'ombe zake amaziitana maina ngati ana, ndipo ikabereka ina, amadzuka ndi nyimbo. Ndakhala ndi phokoso limenelo moyo wanga wonse, ndipo sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzalilira.

Ngozi inachitika nthawi yokolola. Ngolo yodzaza chimanga inagubuduka pa kamlatho ka panjira ya ku Manyamula, n'kuwapsinja mwendo. Fupa la ntchafu linathyoka. Kuchipatala anawasamala bwino, ndisanamize. Ululu unali woti mwamuna wamkulu kumalira ngati mwana, ndiye anawapatsa mapiritsi amphamvu otchedwa tiramadolo. Potuluka anatipatsa ochepa, natiuza kuti akatha amenewa basi, azimwa wamba aja a mutu, ndipo tidzabwerenso adzaone mwendo.

Anatha. A Zgambo anayamba kubuula. Ati awa wamba ndi ufa chabe, ndipezereni aja obiriwira. Ine kumva chisoni. Kubwerera kuchipatala ndi ulendo, munthu wa ndodo kumukweza panjinga, ndiye ndinati, kodi mwana wa ku Joni tinamuberekera chiyani? Kuno kwathu chilichonse chimachokera ku Joni. Bulangete, mafuta ophikira, malata, foni, zonse amabweretsa ndi matransipota, aja a magalimoto okoka ngolo zodzaza mpaka kumwamba. Ndinauza NyaTembo kuti ajambule kabokosi kopanda kanthu kaja pafoni, atumizire mwamuna wake Wongani. Ndinalankhulanso ndekha: "Mwana wanga, ada ako sakugona. Ngati uli ndi mtima, tumiza."

Wongani ali ndi mtima, ndiye vuto lake. Komwe anakawapeza sindidziwa, pepala la dokotala analibe. Galimoto itafika, mapiritsi anali atakulungidwa m'kati mwa bulangete, ambiri ngati nyemba. Ndinavina pabwalo ine, tamverani uchitsiru wake, ndinavina! Ndinkauza anzanga kutchalitchi kuti amuna anga samwa zapagolosale, amamwa za ku Joni.

Fupa linalumikizana, ndodo anaitaya, koma mapiritsi sanawataye. Limodzi linasanduka awiri, awiri anasanduka kadzanja. Ndikafunsa, ati mwendo, mwendo. Munthu kumangosinza pansi pa mtengo wa mango dzuwa lili pamutu, kumangodzikanda, timaso tating'ono ngati mbewu ya fodya. Kuchimbudzi kumatha masiku osapita. Ndinawapatsa chambiko chochita kudula ndi supuni, anangolawa n'kukankha, osatamanda, osadandaula. Ng'ombe yawo yapamtima, Nyamazawo, inabereka thole lokongola, ine kukawauza ndi nthungululu, iwo ati, "Mbwenu," kungoti chabwino. Basi. Mbwenu! Anzawo a ingoma anabwera kudzawatenga, iwo ati mawa. Chishango chinadyedwa ndi njenjete pakhoma. Khutu lawo linatsala ndi ntchito imodzi yokha, kumvetsera kulira kwa galimoto kumsewu.

Kenako NyaTembo anachira, mwana wamwamuna, woyamba wa Wongani. Kuno dzina la mwana wotere limachokera kwa agogo ake aamuna. Mchombo utagwa ndinamunyamula ndekha, ndinagwada, ndinamuika pamiyendo pawo. Anamuyang'ana ngati akuyang'ana dzungu la eni ake. Ati, "Ndiganize kaye." Mwezi unatha akuganiza. Wina unatha akuganiza. Kusikelo anangolemba kuti mwana wa NyaTembo, pamudzi tinkangoti Bebi. Wongani anaimba foni kuti amama, timutche tokha, ndili nalo dzina labwino la kuno. Ndinakana. Ndinati mukamutcha dzina ada anu ali moyo, ndiye kuti mwawaika m'manda akupuma. Mwana adikira. Pamenepo ndinauma mutu, ndipo mpaka lero sindipepesa.

Tsopano imvani za vimbuza. Galimoto ina inachedwa pachipata cha malire, mapiritsi n'kutha. A Zgambo anayamba kuyasamula kosalekeza, misozi chuchuchu, mamina osaleka. Thukuta kutuluka munthu akunjenjemera ndi kuzizira, khungu ngati nkhuku yososola. M'mimba munatseguka. Miyendo kumangopalasa yokha pamphasa, ndipo ululu unali paliponse, ngakhale mwendo umene sunathyoke. Mlongo wawo, alamu anga a NyaZgambo, anangoyang'ana kamodzi n'kuti, "Mulamu, ivi ni vimbuza. Mizimu ya kwathu yakwiya kuti anasiya ingoma."

Ife ndife anthu a tchalitchi, koma munthu wako akamapalasa pansi, umayang'ana uku ndi uku. Tinapita mwakachetechete kwa mayi wina wa ng'oma kutsidya kwa dambo. Ng'oma zinalira, a Zgambo ananjenjemera, anthu ati mwaona, zatuluka. Nanga akanaleka bwanji kunjenjemera, poti anafika akunjenjemera kale? Tinasiyako nkhuku yoyera. Kutacha galimoto inafika, anameza kadzanja kawo, dzuwa lisanapendeke munthu ali phee, akumwetulira. Alamu anayenda mudzi wonse chifuwa patsogolo. Inenso ndinathokoza, yewo chomene, yewo chomene, ngati chitsiru.

Zinachitikanso kachiwiri, ndendende. Galimoto kuchedwa, vimbuza kubwera. Galimoto kufika, vimbuza kuthawa. Inu owerenga, ndi mizimu yanji imeneyi yodziwa ulendo wa matransipota? Mizimu ya makolo inayamba liti kudikira pachipata cha malire? Lero ndikufunsa mokweza, koma nthawi imeneyo nkhuku yachiwiri ndinaigwira ndi manja angawa.

Kachitatu galimoto inafera m'njira, inakhalitsa. A Zgambo anavutika, anatukwana, anasanza, koma masabata atapitapo thupi linayamba kukhazikika. Anayamba kudya pang'ono. Tsiku lina anafunsa ngati ng'ombe zamwa madzi, mtima wanga n'kudumpha. Ndiye galimoto ija inatulukira. Ndikanadziwa ndikanaponya bulangete lonselo m'chimbudzi. Anameza kadzanja komwe kaja ka kale, n'kupita kwa aneba kumene kunali mowa wamasese, akuti kukondwerera kuti achira.

Masana NyaTembo anawapeza pansi pa mango. Mkonono wake unali wachilendo, wokoka ngati ng'ombe yodwala, kupuma kamodzi, n'kukhala chete mpaka iwe kuyamba kupemphera, ndiye kupumanso. Milomo itachita phulusa. Kwathu kuno mkamwana sakhudza apongozi ake aamuna, ngakhale mbale amaika patali. Mwanayu anawagwira mapewa, anawagwedeza, anawaitana m'khutu. Osadzuka. Alamu anafika akufuula kuti itanani a ng'oma. NyaTembo, amene sindinamumvepo akuyankha wamkulu, anauza azakhali a mwamuna wakewo kuti, "Ndapota, chonde ankhazi, ng'oma mawa. Lero kuchipatala." Anathamangira galimoto ya wogula fodya imene inaima pasitolo, ndipo tisananyamuke anatola timabokosi tonse topanda kanthu n'kumanga pachitenje.

Kuchipatala cha mishoni dokotala wake anali mtsikana, msinkhu wa ana anga. Anawatsegula maso, anayang'ana timabokosi tija, n'kuwabaya jakisoni. Posakhalitsa a Zgambo anatsegula maso, mpweya uli bwerere, n'kuyamba kutukwana aliyense, kuti ndani wawasokoneza tulo. Tulo! Munthu anali pakhomo la manda, akuti tulo.

Mawa lake dokotala uja anatikhazika pansi, ine, NyaTembo ndi alamu. Ndinamuuza zonse, za ng'oma ndi za nkhuku zomwe. Sanatiseke. Anatifotokozera pang'onopang'ono, ndipo ndikuuzani mmene mutu wanga unagwirira.

Akuti muubongo wa munthu muli kale mankhwala akeake. Ukavulala, ubongo umatulutsa pang'ono kuti ululu uzipiririka. Ukadya chokoma, ukanyamula mdzukulu, ukamva nyimbo ya kwanu, umakudonthezera kachisangalalo, ngati kukuuza kuti izi n'zabwino, udzachitenso mawa. Mankhwala a m'thupiwa ali ndi timakomo tawo tolowera. Tsono tiramadolo, ndi abale ake mofini ndi kodini uja wa m'mankhwala ena a chifuwa, amalowera timakomo tomweto. Kusiyana kwake n'kwakuti pamene ubongo umathira kasupuni, iwo amakhuthula ndowa. Ululu umazima, mtima umakhala myaa, ndipo ubongo umaphunzira kuti chokoma kuposa zonse ndi ichi.

Ndowa ikamabwera tsiku ndi tsiku, ubongo umayamba kutseka timakomo tina kuti usamire, n'chifukwa chake limodzi linasanduka kadzanja. Umachitanso ulesi kupanga zake. Ndinati ndamva, adokotala, zili ngati mkazi amene aneba amamubweretsera chakudya chophikaphika tsiku lililonse, amaleka kutola nkhuni, mafuwa amazizira, ndiye tsiku limene aneba sabwera nyumba yonse imagona ndi njala. Anaseka, ati agogo mwakhoza. Kasupuni ka chambiko, ka thole, ka mdzukulu, kangamveke bwanji kwa munthu wozolowera ndowa? Si kuti a Zgambo anamuda mwanayo. Pomvera kukoma mpomwe panagontha.

Za ululu anati ubongo ukaona kuti sukumva bwino uthenga wa thupi, umakweza mawu ngati wailesi. Mapiritsi akatha, wailesi ija imatsala ili pamwamba, ndiye chilichonse chimawawa, thupi lonse limachita chipolowe, kuyasamula, thukuta, kutsegula m'mimba, miyendo kupalasa. Alamu anafunsa chapansipansi kuti, ndiye vimbuza zija? Dokotala anati za mizimu iye sangaweruze, koma izi zokha akuzidziwa, ndi thupi lolira mapiritsi.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi ichi. Akuti timakomo tomweto tilinso pamalo amene amakumbutsa chifuwa kupuma. Masabata aja galimoto itafa, thupi linali litayamba kubwerera mwakale, silikanathanso kunyamula kadzanja kaja. Kuwonjezera mowa pamwamba, chifuwa chinayamba kuiwala ntchito yake. Tikanapita ku ng'oma tsiku limenelo, bwenzi pano ndikulemba nditavala zakuda.

Kuchira kwake musayese ndi kwa jakisoni mmodzi. Dokotala anati kusiya mwadzidzidzi n'kuzunza munthu, ndipo ambiri amabwererako. Anawaika pa muyeso wa kuchipatala, kumachepetsa pang'onopang'ono, mapiritsi kumasunga ine, kumapita kukaonedwa, mwendo kumauphunzitsa ntchito ndi timasewera. Miyezi imeneyo ndinaona zakuda. Bambo amene ndinakalamba naye kunditcha mfiti. Kundinyengerera ngati mnyamata wofunsira, mayi wa ana anga, limodzi lokha, ndapota. Ndikakana, mbale kuuluka. Ndinapeza mapiritsi ena atabisa mu udzu wa denga la nkhokwe, ena m'thumba la jekete la kutchalitchi, jekete la kutchalitchi inu! Ndinapita nawo kuchipatala onsewo. Kangapo ndinamanga katundu kuti ndizipita kwathu, n'kumasulanso, chifukwa ndinkakumbuka mawu a mtsikana uja, akuti agogo, si mwano, ndi matenda, ndipo kukoma kwa zinthu kumabwerera mochedwa kuposa mphamvu za thupi.

Wongani ndinamukalipira pafoni mpaka foni kutentha. Analira mwana wanga, ati amama, munati ngati ndili ndi mtima. Wa transipota uja atabweranso ndinamuimitsa pamsewu, ndinamasula bulangete pamaso pake n'kulikutumula. Ati agogo, ine ndimangonyamula. Ndinati uzinyamula malata, za m'mimba mwa amuna anga uzisiye komweko.

Mapiritsi anatha, ukali unatha, koma munthu anangokhala duu, ngati nyumba yosamukamo. Bebi anayamba kukhala pansi, anayamba kukwawa, akadali Bebi. Anthu anayamba kundinena kuti nkhalamba iyi ikuzunza mwana ndi mwambo. Ndinangoti adikira.

Ndiye tsiku lija la m'chigafa. Nditafika kukhola ndinapeza Nyamazawo yaberekanso, thole lili njenjenje kuyesa kuimirira, ndipo a Zgambo ali pakati pa ndowe opanda nsapato, m'manja muli mpini wa khasu m'malo mwa chibonga. Akuimba ndi mawu osasa, akuponda ndi mwendo wabwino, wothyoka uja ukutsatira mochedwa. Fumbi silinafike m'chiuno, ndisanamize, silinafike ngakhale m'kakolo. Koma ankaseka. Atandiona anasiya, ati, "Iwe, ukuyang'ana chiyani? Mwana uja ali kuti?"

NyaTembo anamasula mwana n'kundipatsa, ine ndinagwada m'ndowe momwemo. Anamunyamula, anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, mwana n'kuwagwira ndevu. Ati, "Kodi ameneyu wakula chonchi ndili kuti?" Anamutcha dzina pomwepo, ng'ombe zikumva. Kenako anaitanitsa chambiko, analawa, n'kukwinya nkhope, ati chachepa mphamvu ichi, mwathira madzi. Inu owerenga, sindinakondwerepo ndi kunyozedwa ngati tsiku limenelo. Bwezani, bambo, bwezani chambiko, bwezani mpaka ndife!

Tsono ndimvereni, inu amene muli ndi ana ku Joni, ndi inu ana amene muli kumeneko. Tumizani bulangete, tumizani sopo, koma mankhwala amphamvu a ululu asayende m'katundu ngati shuga. Mankhwalawa si oipa akakhala m'manja mwa achipatala. Anathandiza amuna anga fupa litathyoka, ndipo alipo odwala matenda aakulu amene amagona chifukwa cha mofini, amenewo musawalande. Koma achipatala akati atha, ululu n'kupitirira, bwererani komweko, ulendo utalike bwanji. Mukaona munthu wanu limodzi lasanduka awiri, zimene ankakonda sakuzifunanso, akudwala mapiritsi akatha n'kuchira akafika, musagwire nkhuku, gwirani kabokosi mupite nako kwa dokotala. Musamusiyitse nokha mwadzidzidzi, musamulole kusakaniza ndi mowa, ndipo amene wakhala osamwa asabwerere pa muyeso wakale. Akamapuma motalikiratalikira osadzuka, thamangani, mwambo mudzaupepesa pambuyo. Dokotala anatiuza kuti chilakolakocho chimatha kudzukanso, ndiye ine maso ali pa denga la nkhokwe mpaka lero.

Loweruka lotsatira tinaphika thobwa, tinapha mbuzi, ndipo anabwera. Anabwera alamu anga a NyaZgambo, atanyamula nkhuku yoyera, ati iyi yokha ndi ya ndiwo. Anabwera a Moyo ndi a Tembo a ingoma, ndi zishango zawo. Anabwera make NyaTembo kuchokera ku Edingeni, anabwera a Shaba aneba a mowa uja, maso ali pansi. Anabwera NyaBanda, NyaLungu, NyaChirwa ndi NyaMvula a kutchalitchi, nyimbo ili pakamwa. Anabwera a Kamanga ogula fodya, eni galimoto imene inatinyamula. Anabwera ana anga aakazi, Tiwonge ndi Lusungu, ndi amuna awo. Wongani anabwera pafoni, NyaTembo ataikweza m'mwamba kuti aone ada ake akuponda. Analipo a Zgambo, amuna anga, akulongolola kuti nyama yachepa mchere. Ndipo pamiyendo pawo, akukoka ndevu, panali amene sadzatchedwanso Bebi, mdzukulu wanga wa dzina lotanthauza kuti wabweranso, Wizaso Zgambo.